Abwenzi a Yobu pa Bwalo la Baseball

Pa 13 Epulo 2022 mumzinda wa Minneapolis, ku America, munkazizira kwambiri, koma Clayton Kershaw sankaoneka kuti akumva chisanu. Woponya mpira wamanzere wa timu ya Los Angeles Dodgers ameneyu anakumana ndi omenya 21 a Minnesota Twins, mmodzi pambuyo pa mnzake, ndipo onsewo anabwerera kumpando chimanjamanja. Mwa iwo, 13 anathera pomwe anaimapo ndi ndodo zawo, mpira utawapusitsa kachitatu.

Amene sadziwa baseball afunika amve kaye kukula kwa nkhaniyi. Masewera amodzi amakhala ndi zigawo 9, ndipo m'chigawo chilichonse timu yoponya iyenera kutulutsa omenya atatu. Woponya akatulutsa onse 27 popanda ngakhale mmodzi wofika pa malo oyamba oimapo, amati waponya perfect game. Pofika tsiku limenelo, m'masewera oposa 200,000 a ligi yaikulu ya dzikolo, zimenezi zinali zitachitika ka 23 kokha. Kershaw anali atatsala ndi anthu 6, ndipo anali ataponya mipira 80 yokha, pomwe masiku ano woponya woyamba amaloledwa kufika cha m'ma 100.

Mphunzitsi wake, Dave Roberts, anati basi, zakwana. M'chigawo cha 8 munalowa Alex Vesia, ndipo pasanapite nthawi Gary Sánchez anaumenya mpira n'kukaima bwinobwino pa malo oyamba aja. Dodgers inapambana 7-0, koma usiku umenewo palibe amene ankakamba za kupambanako. Mawailesi ndi masamba a mchezo anadzaza ndi mkwiyo. Ngakhale Reggie Jackson, katswiri wakale wa New York Yankees, analemba mawu aukali pa Twitter.

Roberts anali ndi zifukwa zake, ndipo sizinali zongopeka. Chaka chimenecho eni matimu anali atatsekera osewera kunja kwa masiku 99, kuyambira pa 2 Disembala 2021 mpaka pa 10 Malichi 2022, polimbana za mgwirizano wa ntchito. Nthawi yokonzekera inafupika. Kershaw, wa zaka 34, anali atavulala mkono chaka chapitacho moti sanasewere nawo m'ndime zomaliza za mpikisano, ndipo mpira anadzaugwiranso mu Januwale. Awa anali masewera ake oyamba a sizoni. Mwiniwakeyo anauza atolankhani kuti mphunzitsi wake anachita bwino.

Komabe funso limene linatsala pabwalopo ndi lakale kuposa baseball. Munthu akasankha chochita, kodi timuyeze ndi zimene ankadziwa pa nthawi yosankhayo, kapena ndi zimene zinadzachitika pambuyo pake?

Mwezi wa Epulo ndiye pachimake pa funsoli. Timu iliyonse imasewera masewera 162 pa sizoni, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Sepitembala, choncho masewera 10 oyambirira ndi kachigawo kochepa zedi. Koma anthu amakhala atadikira miyezi yonse yachisanu ali ndi njala ya masewera, ndipo chilichonse chimene maso aona poyamba amachitenga ngati uthenga wa chaka chonse. Epulo ali ngati chizimalupsa: mvula imagwadi, nthaka n'kununkhira, koma wobzala tsiku lomwelo amangotaya mbewu.

Umboni ulipo wosasowa. Pa 4 Epulo 1994, tsiku lotsegulira sizoni, Tuffy Rhodes wa Chicago Cubs anamenya ma home run atatu, ndiko kuti mpira wouluka mpaka kunja kwa mpanda, ndipo onsewo anamenya kwa Dwight Gooden, woponya woopedwa wa New York Mets. Chaka chonsecho anathera pa 8 basi. Dzina anakalipangira ku Japan, komwe anamenya 464. Mu 1987 Milwaukee Brewers inapambana masewera 13 oyambirira motsatizana, kenako mu Meyi n'kugonja ka 12 motsatizananso, ndipo inamaliza pa nambala 3. Seattle Mariners ya 2019 inayamba ndi kupambana ka 13 m'masewera 15, koma pomaliza inali itagonja ka 94. Chaka chomwecho Washington Nationals inali itapambana ka 19 kokha m'masewera 50 oyamba, anthu ambiri akufuula kuti mphunzitsi Dave Martinez achotsedwe. Kumapeto kwa Okutobala timu yomweyo, ndi mphunzitsi yemweyo, inatenga chikho cha World Series.

Wina angaganize kuti kutengeka kotere ndi kwa ochemerera wamba. Ayi ndithu. Mu 1971 Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, akatswiri a kaganizidwe ka munthu, anasonyeza kuti ngakhale ophunzira amene ntchito yawo ndi kafukufuku amakhulupirira kwambiri zitsanzo zochepa, ngati kuti zinthu khumi zingaulule zimene zinthu chikwi zikanaulula. Mtima wa munthu sukonda kumva kuti china chake changochitika mwamwayi. Umafuna chifukwa, ndipo chifukwacho chikhale ndi nkhope ndi dzina. Pa baseball nkhope yapafupi ndi ya mphunzitsi, chifukwa ndi iye amene amayenda wapansi, bwalo lonse likumuona, kupita pa kamtunda kapakati kukalandira mpira m'manja mwa woponya. Ntchito zake zina zambiri zimachitika kuseri, koma ulendo waufupi umenewu umaonekera kwa aliyense.

Owerenga Baibulo amawadziwa bwino maganizo amenewa. Yobu atataya chuma, ana ndi thanzi, anzake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anabwera kudzamupepesa. Anayamba bwino, chifukwa anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osanena kanthu. Atatsegula pakamwa m'pamene zinasokonekera. Iwo anaona zilonda, n'kuwerengera chobwerera m'mbuyo kuti pamene pali tsoka lotere payenera kukhala tchimo lalikulu. Umboni wa tchimolo analibe. Tsokalo ndilo linali umboni wawo wonse. Kumapeto kwa bukuli Mulungu akudzudzula atatuwo, osati Yobu. Nkhaniyi ndi yolemera kwambiri kuposa masewera alionse, ndipo palibe akunena kuti mphunzitsi wolandira mamiliyoni a madola ndi Yobu. Chofanana ndi njira yoweruzira: kuyambira pa zotsatira n'kupanga mlandu woti ugwirizane nazo.

Anzeru a masiku athu anabwereranso pa mfundoyi. Mu 1976 Bernard Williams wa ku Britain ndi Thomas Nagel wa ku America anakambirana za mmene mwayi umalowerera pa kuweruza khalidwe la munthu. Nagel anapereka chitsanzo cha dalaivala wa lole amene wanyalanyaza kukonzetsa mabuleki. Mwana akathamangira mumsewu n'kugundidwa, dalaivalayo amakhala ndi mlandu waukulu, ndipo naye amadziona choncho. Mwana akapanda kutulukira, amafika kunyumba n'kudya mgonero wake mtima uli m'malo. Kunyalanyaza n'komweko, koma chiweruzo chimasiyana kutali chifukwa cha chinthu chimene dalaivalayo analibe nacho mphamvu.

Mabwalo a baseball ali ndi madalaivala otere ambiri, ndipo awiri mwa iwo amaoneka ngati otsutsana. Pa 16 Okutobala 2003, m'masewera omaliza olimbirana malo mu World Series, Boston Red Sox inkatsogola 5-2 pa Yankees m'chigawo cha 8. Pedro Martínez, amene ambiri ankamuyesa woponya woposa onse wa nthawi imeneyo, anali atadutsa mipira 100 ndipo omenya anayamba kumupeza. Mphunzitsi Grady Little anapita pa kamtunda paja, analankhula naye, n'kubwerera yekha, mpira atamusiyira. Hideki Matsui anamenya, Jorge Posada anamenyanso, zigoli n'kufanana 5-5. M'chigawo cha 11 Aaron Boone anamaliza nkhani yonse ndi home run. Pasanathe masabata awiri Little analibenso ntchito ku Boston.

Patapita zaka 17, pa 27 Okutobala 2020, mphunzitsi Kevin Cash wa Tampa Bay Rays anachita zosiyana ndi zimenezo. Anali masewera a nambala 6 a World Series, Rays ikutsogola 1-0 pa Dodgers. Blake Snell anali ataponya mipira 73 yokha, atatulutsa 9 mwa kuwapusitsa kachitatu, ndipo anthu awiri okha ndiwo anali atamumenya n'kufika pa malo oyamba. Cash anamuchotsa m'chigawo cha 6 n'kulowetsa Nick Anderson. Zigoli ziwiri zinalowa nthawi yomweyo, Dodgers inapambana 3-1 n'kunyamula chikho.

Wina anamusiya woponya, wina anamuchotsa, ndipo onse awiri anatukwanidwa. Apa munthu akhoza kugwa ulesi n'kunena kuti zonse ndi mwayi basi, palibe wolakwa. Kumeneko ndi kuthawa ntchito yoganiza. Kukana kuweruza ndi zotsatira sikutanthauza kuleka kuweruza. Kumatanthauza kubwerera pa mphindi imene munthuyo ankasankha, kutseka maso ku zimene zinadzatsatira, n'kufunsa kuti anali ndi chiyani m'manja.

Little anali ndi zambiri. Zinali zodziwika kuti mphamvu za Martínez zinkatsika akadutsa mipira 100, ndipo oponya othandizira a Boston anali atachita bwino kwambiri mwezi umenewo. Posada akanamenyera mpira m'manja mwa munthu, Little akanatamandidwa kuti ndi mwamuna wolimba mtima, koma mabuleki akanakhalabe osakonza. Cash naye anali ndi chifukwa chenicheni: ziwerengero za zaka zambiri zimasonyeza kuti omenya akamakumana ndi woponya yemweyo kachitatu pa tsiku limodzi amamumenya bwinopo, popeza maso amakhala atazolowera ndipo mkono wayamba kutopa. Timu yake inali itafika pamenepo potsatira lamulo limenelo chaka chonse. Koma panali zinanso zimene ankaziona ndi maso ake. Omenya atatu otsatira, Mookie Betts, Corey Seager ndi Justin Turner, anali atakumana ndi Snell kawiri aliyense usiku umenewo, ndipo maulendo 6 onsewo anathera pomwe anaimapo. Anderson anali atalola zigoli m'masewera 6 otsatizana asanafike amenewa. Ndiponso panalibe mawa loti mkono wa Snell usungidwire, chifukwa kugonja kunali kutha kwa sizoni. Mlandu wa Cash ndi wakuti anamvera lamulo lolembedwera masiku onse n'kulephera kuwerenga tsiku limene linali pamaso pake. Mlanduwu ukanakhalapobe ngakhale Anderson akanatulutsa onse atatu.

Ndi muyeso womwewu Roberts amapezeka wosalakwa pa za Kershaw. Mu Epulo mawa alipo ambiri, oposa 150. Ndipotu aka sikanali koyamba kwa iye. Pa 8 Epulo 2016, atangotsogolera masewera ochepa chiyambireni ntchito ya uphunzitsi ku Dodgers, anachotsa mnyamata wina, Ross Stripling, pa masewera ake oyamba enieni mu ligi yaikulu. Stripling anali atafika m'chigawo cha 8 ku San Francisco popanda womumenya bwino ndi mmodzi yemwe, koma mipira inali itakwana 100, ndipo chigongono chake chinali chitachitidwa opaleshoni mu 2014. Wolowa m'malo mwake, Chris Hatcher, anamenyedwa home run ndi munthu woyamba kukumana naye, ndipo Dodgers inagonja 3-2. Roberts anadzafotokoza kuti m'mawa mwake bambo ake a mnyamatayo anamupeza ku hotela n'kumuthokoza posamala mwana wawo. Stripling anasewera zaka zina zambiri, mpaka anasankhidwa m'gulu la akatswiri a ligi mu 2018.

Koma apanso munthu asamale, chifukwa msampha wa abwenzi a Yobu uli ndi makomo awiri. Kunena kuti Roberts anakhoza chifukwa Stripling sanavulale ndi kuweruza ndi zotsatira komwe kuja, kungoti kwatembenuzidwa. Palibe amene anaona chimene chikanachitika mnyamatayo akanaponya mipira ina 20. Nanga za Kershaw? Zotsatira sizinamuikire kumbuyo Roberts nkomwe. Mu Meyi 2022 Kershaw anavulalabe, ulendo uno cha m'chiuno, ndipo Dodgers itapambana masewera 111 inagwetsedwa ndi San Diego Padres m'ndime yoyamba imene inasewera mu Okutobala. Mkono unasungidwira chikho chimene sichinabwere chaka chimenecho. Chosankha cha pa 13 Epulo chinali chabwino pa 13 Epulo pomwepo, ndipo Okutobala sanachiwonjezere kapena kuchichepetsa.

Wosamala ali ndi tsoka lakelake, lakuti phindu la ntchito yake silioneka. Chigongono chimene sichinang'ambike sichituluka m'nyuzipepala. Chimene chimaoneka ndi chimene chatayika, ndipo pa tsiku lija chinatayikadi. Kershaw anali atayandikirapo kale pa 18 Juni 2014, pamene anatulutsa omenya a Colorado Rockies popanda womumenya bwino, 15 mwa iwo mwa kuwapusitsa kachitatu, koma mnzake Hanley Ramírez anaponya mpira molakwika munthu mmodzi n'kufika pa malo oyamba. Anapuma pa masewera kumapeto kwa 2025 alibe perfect game. Anthu amene anakwiya usiku uja sanali opusa. Baseball si ntchito yongowerengera zikho, ndipo bambo amene anatenga mwana wake kupita kubwalo tsiku lozizira lija anali pafupi kuona chinthu chimene ambiri amafa osachiona. Williams analankhulanso za chisoni cha mtundu umenewu: munthu amene sanalakwe, koma choipa chadzera m'manja mwake, ayenera kumva kuwawa, ndipo tikanamudabwa akanapanda kumva kanthu. Mphunzitsi wabwino amachotsa woponya wake mtima ukumupweteka. Amene angachite zimenezo akuyang'ana pa pepala la ziwerengero, osamva chilichonse, sanamvetse chimene walanda anthu.

Mphunzitsi Terry Collins wa New York Mets anamva kuwawa komweko kuchokera mbali inayo. Pa 1 Juni 2012 Johan Santana, amene sanasewere chaka chonse cha 2011 chifukwa cha opaleshoni ya phewa, ankayandikira kumaliza masewera popanda womumenya bwino, chinthu chimene timuyo inali isanachionepo chiyambire 1962. Collins anamusiya mpaka mipira inakwana 134. Santana anakwanitsa, mzinda wonse unasangalala, koma mphunzitsiyo analankhula ndi atolankhani misozi ili m'maso, ali ndi nkhawa ndi phewalo. Santana anaponya masewera ena 10 okha. Mu Ogasiti chaka chomwecho anasiya, phewa linadzang'ambikanso mu 2013, ndipo sanabwererenso mu ligi yaikulu. Ambiri anati mipira 134 ija ndiyo inamumaliza. Komatu pa 30 Juni, patatha mwezi, anaponya zigawo 8 osalola chigoli, ndipo mu Julaye anavulala kakolo. Palibe dokotala amene angaloze mpira umodzi n'kunena kuti ndi uwu. Collins anakhala zaka akunena kuti usiku umenewo unkamuvutitsabe maganizo, ngakhale kuti Santana mwini sanamuimbe mlandu.

Chowawitsa mutu n'chakuti kusamala konseku sikunathetse kuvulala. Mu 1974, chaka chimene dokotala Frank Jobe anachita koyamba opaleshoni yolumikiza mtsempha wa chigongono pa woponya wotchedwa Tommy John, oponya oyamba anamaliza okha masewera oposa 1,000. Mu 2023 anamaliza 35 okha. Ngakhale zili choncho, zigongono zikung'ambikabe. Kumayambiriro kwa Epulo 2024, Shane Bieber wa Cleveland anaponya zigawo 12 osalola chigoli m'masewera ake awiri oyamba, kenako n'kumva kuti sizoni yake yathera pomwepo. Masiku omwewo Spencer Strider wa Atlanta ndi Eury Pérez wa Miami anagwera m'dzenje lomwelo. Bungwe la osewera linaloza chala wotchi yofulumizitsa kuponya imene inayamba mu 2023. Lipoti la ligi la mu Disembala 2024 linaloza kwambiri mpikisano wofuna liwiro ndi kupotoza mpira, umene umachititsa woponya kutulutsa mphamvu zake zonse pa mpira uliwonse, kuyambira ali mwana. Ngati zili choncho, mphunzitsi amene akuwerenga mipira m'chigawo cha 7 akungolandira mavuto amene anayambira kutali, kwa eni matimu amene amalipira liwiro ndi makolo ndi makochi a ana amene amalithamangira. Amenewo sayenda ulendo uja wopita pa kamtunda, choncho sawakuwiza.

Ndipo eni matimu nawonso amadwala matenda a Epulo, kungoti awo amachotsa anthu ntchito. Mu 1988 Baltimore Orioles inachotsa mphunzitsi wake Cal Ripken Sr. itagonja masewera 6 oyamba, ana ake awiri akusewera m'timu momwemo. Wolowa m'malo mwake, Frank Robinson, anagonjanso ena 15 motsatizana asanapambane ngakhale kamodzi. Vuto silinali mphunzitsi.

Nkhani ya Yogi Berra ndiyo imavuta kwambiri aliyense wokhulupirira zotsatira. Mu 1985 George Steinbrenner, mwini wa Yankees, anali atalonjeza poyera kuti Berra adzaphunzitsa timuyo chaka chonse, zivute zitani. Itapambana ka 6 n'kugonja ka 10, anamuchotsa pa 28 Epulo, ndipo sanapite yekha kukamuuza. Anatuma wantchito wake, Clyde King. Billy Martin atalowa, timu inadzuka n'kumaliza itapambana masewera 97. Poyeza ndi zigoli, Steinbrenner anakhoza, ndipo palibe akanamutsutsa. Koma Berra, amene anali atapatsa timuyo zaka zake zonse zaunyamata ndi zikho 10 monga wosewera, analumbira kuti sadzapondanso pa Yankee Stadium munthuyo akadali mwini wake, ndipo anasunga mawu akewo zaka 14. Masewera 97 aja sanafafanize lonjezo losweka kapena mwano wotuma mthenga. Pa 5 Januwale 1999 Steinbrenner ananyamuka yekha kupita ku New Jersey, ku nyumba yosungirako mbiri ya Berra, kukapepesa pamaso m'pamaso.